Bondo la Dafita

Lipenga la mfumu litalira, Dafita Kapalamula anali pamwamba, pa thandala la matabwa awiri lomwe mayi wanzeru sangayanikepo ngakhale mbale zake. Dzanja lamanzere linagwira mtengo wa bulugama, lamanja linali ndi mpeni womangira. Anachita zimene mwana aliyense wa ku Gwadani amaphunzira asanadziwe kumina: anaika mpeni pathabwa, anavula chisoti, anapinda mawondo, nasiya mtengo uja kuti aombe m'manja. Anaomba kamodzi. Kachiwiri manja anakumana ali kale m'malere.

Mutu unapeza mulu wa mchenga. Mwendo unapeza wilibala. Chisoti chinafika pambuyo pake, chili bwinobwino.

Ku Gwadani kunali kotero. Mfumu Tamandeni Wachinayi, Mwini Mawondo Onse, ikamadutsa, munthu aliyense ankavula cha kumutu, kugwada pomwe ali, n'kuomba m'manja, maso pansi. Lamulolo silinkafunsa kuti uli pati. Ometa ankasiya mutu wa munthu uli theka. A kabaza ankagwera m'ngalande pamodzi ndi amene awanyamula. Azamba ankauza mwana kuti abadikira kaye. Ndipo chimene Dafita ndi anzake ankamangacho chinali Nsanja ya Ulemerero. Mfumu inkafuna malo aatali oti izitha kuona dziko lonse litagwada nthawi imodzi, komanso inali itamva kuti mnzake wa dziko loyandikana la Tapambana ali ndi nsanja yake kale. Tsiku lotsegulira linali litalengezedwa, mnzakeyo ataitanidwa, denga n'kuti kulibe.

Mfumu inaona chinthu chikugwa kudzera pa windo la galimoto.

"Chimenecho n'chiyani?"

A Bwerezani, Nduna ya Ulemu ndi Kugwada, ankakhala pampando wakutsogolo kuti aziyankha mafunso otere. Sanachedwe. "Ndi munthu wanu, Mwini Mawondo. Wakutsikirani."

"Kuchokera pamwamba paja?"

"Sanafune kukudikiritsani ndi makwerero."

Mfumu inapukuta diso. "Ameneyu ndiye amandikonda."

Anzake a Dafita anamva kubuula, koma panalibe womutola mpaka mdipiti wonse utadutsa: galimoto ya mfumu, ya mipando ya mfumu, ya nsapato zake, ya wolawa chakudya, ndi ya wolawa wina woti alawe ngati woyambayo wafa. Fumbi litatsika, anamukweza mu wilibala yomwe inamuthyolayo n'kuthamanga naye ku Chipatala cha Pirirani.

Mkazi wake, NaNgondo, ankakazinga zitumbuwa pa Msika wa Tsitsani. Anafika kuchipatala manja ali mafuta okhaokha. Dokotala anali mayi wotopa, amene anasiya kalekale kuthira shuga m'mawu.

"Fupa laphwanyika pafupi ndi bondo," anatero. "Pakufunika chitsulo. Chitsulocho chilipo, chili m'kabati umo, koma ndi cha anthu ovulala pa ntchito. Kampani ikavomera kuti wavulala pa ntchito, ndimuika chitsulo, ndipo azilandira chipukuta misozi mpaka atachira. Ikakana, timumanga chikhakha n'kudikira."

"Kudikira chiyani?"

"Zala zikayamba kuda, tidula."

"Adokotala," anatero Dafita ali pabedi, thukuta lili kamukamu, "mukadula mundisungire nsapato. Ndi yatsopano."

"Khalani chete, bambo a Tiyese," anatero NaNgondo. "Mwaomba kale m'manja, zakwana."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. NaNgondo analunjika kwa kapitawo wa pa Nsanja, a Sindinaone, munthu wa mluzu pakhosi ndi pensulo pakhutu.

"Mwamuna wanga wagwa pa ntchito panu."

"Ndamva choncho, mayi."

"Mwamva? Simunalipo?"

"Ndinalipo, koma ndinali nditagwada. Maso pansi. Mukufuna ndinene kuti ndinadzutsa maso mfumu ikudutsa? Ndili ndi ana."

Anafunsa osakaniza konkire, onyamula njerwa, mlonda wa pageti. Onse anamva chinthu chikuti phuu, koma woona panalibe. Anthu odzaza bwalo, maso onse ali pa nyerere. Kontilakita mwini kampani, a Dulani Simenti, amene anapeza ntchitoyo chifukwa cha luso lawo lokhala mlamu wake wa mfumu, anati nkhaniyo ndi yaikulu kuposa iwo, ipite ku Bwalo la Nduna.

Bwalo linakhala. Nduna zinabwera ndi mikanjo, ndi makushoni ogwadira opetedwa mayina awo. NaNgondo anamulola kugwada kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pa simenti. Mfumu sinabwere, inali ikuyesa zipewa za tsiku lotsegulira. Nkhani anaitenga a Bwerezani.

"Olemekezeka," anayamba, "lamulo lathu ndi lokoma ngati uchi. Likuti wovulala pa ntchito apukutidwe misozi. Palibe dziko lina pansi pano lopukuta misozi ngati Gwadani. Koma tiyeni tifunse. Munthuyu pogwa anali ndi njerwa m'manja?"

"Ayi!" zinayankha nduna.

"Mpeni womangira?"

"Anaika pathabwa!"

"Chisoti cha kampani?"

"Anavula yekha!"

"Ndiye ntchito ili pati? Munthuyu anali ataweruka. Anali pa ulemu. Ndipo ulemu, olemekezeka, si ntchito. Ulemu umachokera mumtima. Tikamupatsa chipukuta misozi, ndiye kuti tikuuza dziko lonse lapansi kuti anthu a ku Gwadani amagwadira mfumu yawo ngati ganyu!"

Nduna zinabuula. Nduna ya Zamalimidwe inakomoka, n'kudzatsitsimuka nthawi ya tiyi.

"Mabwana anga," anatero NaNgondo kumbuyo kuja, "mwendo wake ukutupa."

"Mayi," anatero a Bwerezani mokoma mtima, "pano tikukamba za mtima, inu mukubweretsa mwendo."

A Dulani anaimirira n'kunena kuti iwo, monga munthu woopa Mulungu, wilibala yawo yopindika ija amukhululukira. Anawaombera m'manja.

Zikanathera pomwepo, bwenzi nkhani ilibe mchira. Koma nduna ikayamba kukoma m'kamwa siidziwa polekera. A Bwerezani anati kugwa kwa Dafita kwaonetsa kuti ulemu wa anthu wachuluka mpaka kusowa potayira, chifukwa mfumu siingadutse paliponse tsiku lililonse. Choncho anapereka Lamulo la Nkhope: kuyambira tsikulo, nkhope ya mfumu, kulikonse kumene ili, pa khoma kaya pa nsalu, ndi mfumu imene. Woiona avule chipewa, agwade, aombe m'manja. Woikhudza mopanda ulemu, ndende. Nduna zinavomera zonse, chifukwa tiyi wachiwiri anali atafika.

M'mawa mwake a Bwerezani anapita ku Pirirani ndi anthu a wayilesi. Anapachika mendulo pa bulangete la Dafita, nalengeza kuti chiyambire dziko palibe munthu amene anatsika msanga chonchi chifukwa cha mfumu yake. NaNgondo anamupatsa chitenje chatsopano cha nkhope ya mfumu, ndipo zina zambiri anakagawa pamsika kuti amayi akumbukire tsikulo. Alendo atachoka, NaNgondo anachotsa mendulo ija n'kupita nayo kwa dokotala.

"Ichi si chitsulo? Simungachiike m'mwendo?"

Dokotala anaipinda ndi zala ziwiri. "Chitini cha sadini, mayi."

Pa Msika wa Tsitsani nkhani inafika kale. A NaSoko ogulitsa tomato, mayi wodzaza benchi yekha, anamuona akubwera.

"Perekani njira, akubwera a mkazi wa ngwazi! Asisi, mendulo ija mwaiphika ndi chiyani, tomato kapena nsinjiro?"

"Ndisiyeni, amwali."

"Wanga uja ndamuuza kuti lipenga likamupeza pa denga, aziyamba wafunsa kuti pansi pali chiyani."

"Akuti anali ataweruka," anatero wogulitsa makala. "Dziko lino lokha ndi limene munthu amaweruka kudzera m'mwamba."

"Inu mukuseka," anatero wosoka nsapato, "koma ine ndikuwerengera za nsapato imodzi. Theka la kasitomala landithawa."

NaNgondo anayatsa mbaula, mafuta n'kumutayikira pa chitenje chake chakale. Popeza chinanso analibe pafupi, anatulutsa champhatso chija n'kumanga m'chiuno. Tsono aliyense amene anavalapo chitenje amadziwa chimene nduna za mikanjo sizidziwa: chojambulidwa pakati pa nsalu chimakathera kumbuyo. Mfumu Tamandeni Wachinayi inakhazikika pa matako a NaNgondo, ikumwetulira.

Anawerama kuti akupize moto. Kumbuyo kwake kunamveka kuomba m'manja. Atatembenuka anapeza wokhometsa msonkho wa pamsika akudzuka, akusasa fumbi m'mawondo.

"Msonkho wa lero, mayi."

NaNgondo anatembenukira ku mbaula. Kumbuyo kunamvekanso pha, pha, pha. Anacheuka, munthu uja anadzuka. Anatembenuka, munthu uja anagwada. A NaSoko anaseka mpaka kugwetsa mulu wa tomato.

"Asisi, musamuthe mawondo mwana wa eni!"

NaNgondo yekha ndiye sanaseke. Anaima, anayang'ana Nsanja ya Ulemerero imene inkaoneka kuseri kwa mashedi, anthu akuyendayenda pamwamba pake ngati nyerere pa mpanda. Anathira zitumbuwa m'beseni, anasenza, nanyamuka.

Atafika analowa pageti, mlonda atagwada kale, n'kuyamba kuzungulira Nsanja pang'onopang'ono, msana ataulozetsa kwa amisiri. Woyamba kuona anali mmisiri wachikulire wa pa thandala lomwe lija.

"Anyamata, mfumu!"

"Ili kuti? Lipenga silinalire."

"Iyo ikugwedezekayo."

Amisiri anayang'anana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe anagwada pa thabwa. Anatsika pa makwerero mmodzimmodzi, aliyense atagwira ndi manja awiri, osathamanga. Atafika pansi anavula zisoti, anagwada pa mchenga wofewa, naomba m'manja mwaulemu wonse. Mfumu itakhota pakona, anavala zisoti, nakwera mmodzimmodzi. Womaliza asanafike pamwamba, NaNgondo anali atamaliza kuzungulira, akutulukira kukona ina.

"Anyamata, yabweranso."

A Sindinaone anaimba mluzu ali chogwada. "Mayi inu, chokani pano!"

"Mwandiona bwanji, a kapitawo? Maso pansi paja."

Tsiku limenelo njerwa zimene zinakwera ndi zomwe zinali kale m'mwamba. Zitumbuwa zinatha zonse, chifukwa kugwada kumamvetsa njala. A Dulani anatumiza uthenga woti, poti ulemu si ntchito, nthawi yogwada sadzalipira.

"Malipiro ake ati?" anafunsa mmisiri wachikulire uja. "Omaliza aja tinagulira mbewu, chimanga chake tinadya kale."

Tsiku lotsatira NaNgondo sanabwere yekha. A NaSoko anasiyira mphwawo tomato, namanga chitenje chawo. Anabwera a nyemba, a mandasi, a kaunjika, akazi a amisiri ndi alongo awo. Ankazungulira motalikirana, kotero kuti mfumu imodzi ikamakhota, ina inali itatulukira. Amisiri analeka n'kukwera komwe. Konkire inaumira m'makina osakanizira n'kusanduka chimwala, ndipo anthu a pamsika anachitcha Mwala wa Ulemu.

Kuchipatala zinthu sizinkadikira. NaNgondo atapita ndi phala masana, Dafita anakweza bulangete n'kumuonetsa.

"Taona, NaNgondo. Chala chachikulu chayamba kufanana ndi biringanya."

"Chikupweteka?"

"Bola chikanamapweteka. Ndamva kuti wayenda ndi mfumu tauni yonse. Ine ndinakukwatira ndi nkhuku imodzi, lero ukukhalira ufumu."

"Sindikhala. Chimangireni nsalu imeneyi ndimadya choimirira."

Dokotala anadutsa, anatsina chala chija, Dafita osamva kanthu. Anayang'ana NaNgondo. "Chimene mukuchitacho, chitani msanga. Sabata ino ikatha, kabati sindidzatsekulanso. Ndidzatenga sowo."

A Dulani anaitana apolisi. Anafika ndi zibonga, nsapato zikulira. Amayi anangoima mozungulira, nkhope zawo mkati, misana kunja. Kulikonse kumene wapolisi ankalowera ankakumana ndi mfumu. Mkulu wa apolisi anazungulira, anazunguliranso, kenako anavula chipewa.

"Bwana, tiwagwire pati?" anafunsa wapolisi wina ali pansi.

"Khala chete, omba m'manja."

Mbiri siigonera. Mfumu inkayang'ana Nsanja m'mawa uliwonse kuchokera pa khonde la nyumba yake, ndipo inaona kuti siikukula. Inafunsa a Bwerezani. Iwo anati ikukula, koma ikukulira mkati. Mfumu inati itulutsireni galimoto.

Lipenga linalira. Amisiri, apolisi, a Sindinaone, a Dulani, onse anali pansi kale, sanavutike. Amayi okha ndiwo anaima chilili, atayang'ana galimoto. Ku Gwadani zotere zinali zisanaonekepo. Ngakhale agalu anakhala chete.

A Bwerezani anatuluka m'galimoto mkanjo ukuuluka. "Gwadani! Mwapenga? Gwadani!"

"Tigwada, bwana," anatero NaNgondo, "koma mutiuze kaye. Ife amayi tikagwada timakhalira zidendene. Mukudziwa amene ali kumbuyo kwathu. Timukhalire?"

A Bwerezani analoza zitenje zija.

"Ndiye vulani nsaluzo!"

"Tivule mfumu, tiyiponye m'fumbi, mwini wake akuona? Nenani mokweza, bwana, a wayilesi amve."

"Komanso mkatimu sitinavale zambiri," anawonjezera a NaSoko.

"Kapena simukukhulupirira kuti ilipo," anatero NaNgondo. "Amayi, tiwaonetse."

Onse anatembenuka nthawi imodzi. A Bwerezani anapezeka ayang'anizana ndi mzere wa mafumu, ndipo mawondo awo, amene ankadziwa lamulo kuposa mutu, anagwa okha. Atagwada anakumbukira kuti mfumu ya m'galimoto ayipatsa msana. Anatembenukira ku galimoto, nakumbukira kuti tsopano apatsa msana mafumu a pansalu. Anatembenukanso. Anazungulira pa mawondo ngati nkhuku yodulidwa mutu, akuomba m'manja uku ndi uku, mpaka bondo lamanja linalira kuti thoo, iwo n'kugona chammbali mumchenga.

Chitseko cha galimoto chinatsekuka. Mfumu inatsika yokha, kamunthu kakafupi ka miyendo yowonda, kamene anthu ambiri anali asanakaonepo chifukwa cha maso pansi. Inayenda pang'onopang'ono kutsata mzere uja, manja kumbuyo, ikudziyang'ana. Pa mtsikana wa kaunjika inakwinya nkhope.

"Apa ndikuoneka wodwala."

Itafika pa a NaSoko inaima nthawi yaitali. "Apa ndiye ine. Apa ndanenepa bwino."

"Timakusamalani, Mwini Mawondo," anatero a NaSoko osacheuka.

"Nanga nsanja yanga bwanji siikukwera?"

A Dulani anayang'ana nyerere. Anayankha ndi NaNgondo, akulankhula cha paphewa.

"Anthu anu akukulemekezani, Mwini Mawondo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tsono poti ulemu si ntchito, ntchito yaima."

"Ulemu si chiyani?"

"Si ntchito. Bwalo linatero."

Mfumu inatembenuka. Makutu ake anayamba kugwedera. "Ndani ananena zimenezo? Ndiye kuti kundigwadira ine n'kopepuka kuposa kusanja njerwa? Munthu akamandiombera m'manja ndiye kuti akupuma? Akucheza? Kundilemekeza ine ndi ulesi?"

"Mwini Mawondo," anabuula a Bwerezani mumchenga, "tinkatanthauza kuti..."

"Chete! A wayilesi, bwerani pafupi. Kuyambira lero, ndiponso kuyambira kale, ulemu ndi ntchito. Ndi ntchito yaikulu kuposa ntchito zonse za m'dziko muno. Njerwa zimabwera pambuyo."

Anthu anaomba m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ena anaomba mofuna.

"Zikomo, Mwini Mawondo," anatero NaNgondo. "Ndiye kuti mwamuna wanga anavulala pa ntchito."

"Mwamuna wako ndani?"

"Wokutsikirani uja."

"Aa, wondikonda uja! Ali bwanji?"

"Ali ndi mendulo. Mwendo ndiye akufuna kudula, chifukwa alamu anu akuti anali ataweruka."

Mfumu inayang'ana a Dulani. "Alamu, munthu anali pa ntchito yaikulu, inu mukuti anaweruka?"

"Ndavomera, Mwini Mawondo. Ndinavomera kale mumtima."

"Vomerani pakamwa. Ndipo nsanja yanga ikwere."

NaNgondo sanadikire nyimbo. Anagwira a Dulani pa mkono wa jekete, chifukwa pamenepo panalibe nkhope ya mfumu, n'kuyenda nawo mpaka ku Pirirani, anthu akugwada m'mbuyo mwawo msewu wonse. Dokotala anamva kuvomera kwa a Dulani ndi makutu ake, anatsekula kabati, nauza anamwino kuti akonze tebulo. Anagwira ntchito yake bwino. Chala chakuda chija chinapita, koma mwendo unatsala. Atatuluka anavula magolovesi n'kunena mosazungulira.

"Ayenda. Koma tachedwa. Bondo lauma, silidzapindikanso."

"Silidzapindika ngakhale pang'ono?" anafunsa Dafita atatsitsimuka.

"Ngakhale lipenga lilire pakhutu panu."

Dafita anayang'ana kudenga, akuganiza. "NaNgondo, nsapato zija ubweretse zonse ziwiri."

Bwalo la Nduna linakhalanso mwamsanga kuti likonze zinthu. Lamulo la Nkhope analisintha: nkhope ndi mfumu pokhapokha ili pa khoma, m'galasi, ndipo siikuyenda. Za thandala la matabwa awiri sanakambe, nthawi inawathera. Chingwe chomangira amisiri m'chiuno anati adzachiganizira pambuyo pa mwambo. Chimene anakamba mpaka tiyi wachitatu n'chakuti, poti ulemu tsopano ndi ntchito, ndani wagwira ntchito yaikulu m'dziko muno kuposa nduna? Woyamba kulandira chipukuta misozi anali a Bwerezani, chifukwa cha bondo lija, ndipo anakalichiritsa ku Tapambana, kumene akuti madokotala ake ali ndi manja ofewa. Nduna zina zinapezanso kuti mawondo awo akhala akuwawa kwa zaka zambiri mwakachetechete. Kabati ya ku Pirirani inatsala yopanda kanthu. Chipukuta misozi cha Dafita chinabwera mvula itagwa n'kutha, ndipo chinapukuta diso limodzi.

Nsanja inatha, mbali ina itapendekeka pang'ono. Amisiri enanso awiri anaitsikira mfumu isanathe, koma iwo anapeza mchenga wokhawokha, choncho anangowauza kuti akwerenso. Tsiku lotsegulira mfumu inakwera pamwamba ndi mnzake wa ku Tapambana, yavala chipewa chachitali kuposa cha mlendoyo. Lipenga linalira. Dziko lonse linagwa pansi ngati mapira owombedwa ndi mphepo: misika, misewu, masukulu, mpaka kumapiri. Mfumu inatambasula dzanja kuti mnzake aone.

"Nanga uyo?" anafunsa mlendo.

Pa Msika wa Tsitsani, pafupi ndi mbaula ya zitumbuwa, munthu mmodzi anali chilili, mwendo uli ngati mtengo wa bulugama, ndodo m'khwapa, akutembenuza zitumbuwa kuti zisapserere pamene mkazi wake wagwada.

"Bwerezani, uyo ndani?"

A Bwerezani anasuzumira, akutsamira ndodo yawo yasiliva. "Ndi wokukondani uja, Mwini Mawondo. Anagwadiratu kamodzi n'kumaliza."

Mfumu inagwedeza mutu, yakhutira. Koma pansi paja a NaSoko anadzutsa diso limodzi, nayang'ana Dafita, nayang'ana kumwamba. Mphezi sinagwe. Anagunda wogulitsa makala ndi chigongono, nayenso anadzutsa diso.

"A Kapalamula," ananong'ona wosoka nsapato, "kumtundako kukuoneka bwanji?"

"Kamunthu kakafupi," anatero Dafita, "kavala chipewa chachikulu. Zitumbuwa zapsa, mugula?"

Nkhani ndi imeneyo, ndipo musayambe kundiombera m'manja, manja amenewo ali ndi ntchito. Inu amene mawondo anu akadapindika, musadikire wilibala kuti ikuwongoleni. Mukamakwera, funsani chingwe musanafunse tiyi. Lipenga likalira muli pa thabwa, gwirani mtengo, wodutsayo ali ndi manja ake. Ndipo mnzanu akamagwa, dzutsani maso mumuone, kuti mkazi wake akabwera pageti apeze munthu mmodzi wonena kuti ndinaona. Dafita anaimirira chifukwa cha chitsulo. Inu yesani kuimirira chisanalowe.